Kalata yotseguka kwa akuluakulu a Grammy pa nkhani ya Dee Barnes

Kwa Bambo Harvey Mason Jr., mkulu wa Recording Academy, bungwe lomwe limapereka mphoto za Grammy, ndi inu nonse a Black Music Collective, nthambi yake yoona za nyimbo za anthu akuda,

Zikomo akuluakulu, landirani moni wanga. Ndikukhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi mabanja anu komanso ntchito ikuyenda. Ine ndi munthu wamba chabe wokonda hip-hop, ndikulemba m'Chichewa dala kuti anzanga kuno amve nawo zomwe ndikunenazi, inu anthu omasulira muli nawo ambiri. Ndipo musaganize kuti mwambo wanu wa Grammy ndi wachilendo kwa ife ayi, mu 2016 chimbale cha akaidi a ku ndende ya Zomba chinapikisana nawo pa mphoto zanu zomwezo ndipo tonse tinanyadira, kenako mu 2024 munatsegula gawo la nyimbo za ku Africa lomwe anawina Tyla wa ku South Africa. Ndiye poti mwatiitanira nokha m'nyumba, tiloleni tilankhuleko pa zomwe taziona mkatimo.

Nkhani yanga ndi ya mayi Dee Barnes komanso mphoto ya Global Impact yomwe munaitcha dzina la Dr. Dre, rapa komanso wokonza nyimbo amene anawamenya mayiwa, pa 5 February 2023.

Achinyamata ambiri amene akuwerenga kalatayi dzina la Dee Barnes sakulidziwa, ndipo vuto lenileni lagona pomwepo. Mayiyu anali rapa, anali mu gulu la atsikana awiri la Body & Soul lomwe linali pansi pa kampani ya Delicious Vinyl, ankamvekanso pa wailesi ya KDAY ku Los Angeles, wailesi yomwe inkaika rapu usana ndi usiku pa nthawi yomwe mawailesi ena ankati izi ndi phokoso chabe zitha posachedwa. Kuchokera mu 1989 ankaulutsa pulogalamu ya pa kanema ya Pump It Up! pa Fox. Kumbukirani kuti Yo! MTV Raps inali itangoyamba kumene mu 1988, ndiye mapulogalamu a mtundu umenewu anali owerengeka pa zala, ndipo kuona mtsikana wakuda atagwira maikolofoni akufunsa mafunso ma rapa akuluakulu ngati munthu woidziwa nkhani, osati ngati chokongoletsera pa siteji, chinali chinthu chachikulu zedi. Masiku amenewo kunalibe YouTube, kunalibe TikTok, woyimba akafuna kuti nkhope yake ioneke m'nyumba za anthu ankadutsa kwa anthu ngati Dee Barnes. Anthu omwe lero mukuwapatsa zikho za moyo wonse ena mwa iwo anakhalapo pambali pake akuyankha mafunso ake.

Dandaulo langa loyamba ndi lakuti mayiyu si mlendo kwa inu, ndi mwana wa m'nyumba mwanu momwe. Mu 1990 oyimba a ku West Coast anasonkhana n'kutulutsa nyimbo yotchedwa We're All in the Same Gang, yopempha anyamata a magulu a zigawenga kuti asiye kuphana. Body & Soul inalimo, gulu la rapu la N.W.A lomwe Dr. Dre anali membala wake linalimo, ndipo amene anaikonza mu situdiyo anali Dre yemweyo. Nyimbo imeneyo inu a Recording Academy munaisankha kuti ipikisane pa Grammy ya 1991. Tsono taonani mmene zinthu zinagundirana, mwambo wa Grammy unachitika mu February 1991, koma pa 27 January chaka chomwecho, kutangotsala masabata ochepa, amene anakonza nyimbo yoletsa nkhanza uja anamenya Dee Barnes, mnzake amene anayimba naye nyimbo yomweyo.

Chinayambitsa n'chiyani? Rapa Ice Cube anali atachoka mu N.W.A kumapeto kwa 1989 chifukwa chokangana pa ndalama, ndipo panali chidani choopsa. Chakumapeto kwa 1990, Pump It Up! inaonetsa zokambirana ndi N.W.A, n'kulowetsamo pakati kachidutswa ka Ice Cube akuwanyoza. A N.W.A anaona ngati awachititsa manyazi pa kanema. Dee Barnes wakhala akunena kuti amene analumikiza zidutswazo si iye koma opanga pulogalamu, ndipo aliyense amene anagwirako ntchito pa wailesi kapena pa kanema akudziwa kuti zimayenda choncho, muulutsi ndi nkhope chabe yomwe anthu amaiona, koma amene amadula n'kumata tepi ndi ena ali kuseri, zikavuta iwo palibe amawadziwa, mkwiyo wonse umagwera amene anaoneka pa sikirini.

Usiku wa pa 27 January uja anakumana pa phwando lokhazikitsa chimbale ku kalabu ina ku Hollywood. Malinga ndi mmene mayi Barnes anafotokozera, Dre anawagwira tsitsi n'kumawamenyetsa nkhope kukhoma pafupi ndi masitepe, anayesa kuwaponya pansi pa masitepewo, anawaponda m'nthiti ndi m'manja, iwo atathawira ku chimbudzi cha akazi anawatsatira komweko n'kupitiriza kuwamenya, pomwe womulondera wake ankatchinga anthu kuti asaleretse. Nkhani inapita kukhothi. Dre sanautsutse mlanduwo, ndipo khothi linamulipiritsa chindapusa cha pafupifupi madola 2,500, linalamula kuti akhale akuyang'aniridwa kwa zaka ziwiri, agwire ntchito zothandiza anthu maola 240, komanso ajambule uthenga wa pa kanema woletsa nkhanza. Ndiye apa sitikukamba za mphekesera za pa Facebook ayi, zili m'mabuku a khothi. Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi zomwe zinatsatira, chaka chomwecho magazini ya Rolling Stone itawafunsa, Dre anaichepetsa nkhaniyo kuti sinali yaikulu anangomuponya pachitseko basi, ndipo anzake a mu gulu anayankha mosonyeza kuti mayiyu anaziyamba dala. Gulu lomwelo la N.W.A ndi lomwe munalipatsa mphoto ya Lifetime Achievement mu 2024.

Dandaulo lachiwiri ndi la zomwe zinachitikira ntchito ya mayiyu. Anakasuma kufuna chipukuta misozi cha madola opitirira 22 miliyoni, nkhaniyo inathera kunja kwa khothi, ndipo anthu ambiri amaganiza kuti analemera nazo, pomwe eni ake analemba kuti sanalandire olo miliyoni imodzi. Ananenanso kuti kuyambira nthawi imeneyo mutu umawawawa koopsa pamalo pomwe anawamenyetsa kukhoma paja. Koma chachikulu ndi chakuti zitseko zinatsekeka. Palibe amene analemba kalata yoti Dee Barnes asalembedwenso ntchito, sizimachitika choncho, zimangochitika kuti foni yasiya kulira, amene unkadya nawo akukudutsa ngati sakukuona, aliyense akuopa kukhumudwitsa Dre, munthu amene mu 1992 watulutsa chimbale cha The Chronic ndipo aliyense akufuna biti yake. Mayi Barnes analemba kuti anakayesa mwayi wa gawo lina mu filimu ya Set It Off ya 1996, wotsogolera filimuyo F. Gary Gray n'kuwauza kuti sizingatheke poti Dre nayenso ali mu filimu yomweyo. Ndipo Gray ameneyu, eti, ndi amene anali pa kamera ku Pump It Up! n'kujambula kachidutswa ka Ice Cube kaja. Wojambulayo anakwera mpaka kukhala dairekitala wamkulu ku Hollywood, womenyayo anakwera mpaka kugulitsa kampani ya Beats kwa Apple pa madola 3 biliyoni mu 2014, amene anatsika ndi mmodzi yekha, womenyedwayo.

Mu 2019 mayi Barnes anatsegula tsamba la GoFundMe kupempha anthu kuti awathandize poti ankawatulutsa m'nyumba, ndipo anafika posowa pokhala. Anachita kuwaitana Wendy Williams pa pulogalamu yake n'kuwapatsa madola 15,000. Taganizani akuluakulu, munthu amene anathandiza kulowetsa hip-hop m'nyumba za anthu a ku America, amene dzina lake lili pa nyimbo yomwe inu munaisankha, akupempha ya lendi pa intaneti.

Chachitatu ndi kufufutidwa m'mbiri. Mu 2015 kunatuluka filimu ya Straight Outta Compton yofotokoza mbiri ya N.W.A, anaitsogolera ndi F. Gary Gray yemwe uja, Dre ndi Ice Cube ali m'gulu la eni filimu, ndipo inapanga ndalama zokwana pafupifupi madola 200 miliyoni. Nkhani ya Dee Barnes munalibe, ngakhale manyuzipepala anapeza kuti m'malemba oyambirira a filimuyo inalimo. Mayiwa analemba nkhani yaitali pa tsamba la pa intaneti la Gawker, ndipo zomwe ananena zinali zomveka, sankafuna kuti anthu akaonere mmene anamenyedwera ngati zosangalatsa ayi, ankafuna kuti zisaoneke ngati sizinachitike. Nthawi yomweyo woyimba Michel'le, amene anali pachibwenzi ndi Dre ndipo ali naye mwana, anafotokoza za nkhanza zomwe akuti ankakumana nazo, ndipo rapa Tairrie B ananena kuti Dre anamumenya nkhonya pa phwando la pambuyo pa mwambo wa Grammy mu 1990. Mwamva bwino, pa phwando lotsatira mwambo wanu. Pakati pa zaka zonsezi, achinyamata ambiri dzina la Dee Barnes analimva koyamba ngati nthabwala mu nyimbo ya Eminem ndi Dre ya mu 1999, anthu akuyimba nawo m'magalimoto osadziwa kuti ndi munthu weniweni amene akukhala ndi ululu m'mutu.

Ndisakhale wokondera. Dre anapepesa. Mu August 2015 anapereka uthenga ku New York Times wopepesa amayi amene anawavulaza, ananena kuti nthawi imeneyo ankamwa kwambiri ndipo pano ndi munthu wina, ngakhale mu uthengawo sanatchule dzina la munthu aliyense. Mu 2017 pa filimu ya HBO ya The Defiant Ones anailankhulanso nkhaniyi poyera n'kuvomera kuti ndi banga lalikulu pa moyo wake, ndipo mayi Barnes nawo analankhula mu filimu yomweyo. Luso lake palibe angalikane, popanda iye sitikanamva Snoop Dogg, Eminem, 50 Cent ndi Kendrick Lamar mmene tinawamvera. Anapereka madola 10 miliyoni kuti amange holo ya zisudzo ndi nyimbo pa sukulu ya sekondale ku Compton. Munthu amasintha, ine ndimakhulupirira zimenezo, ndipo sindikupempha kuti mumulande zikho zomwe anawina ndi nyimbo zake, zimenezo ndi zake anazigwirira ntchito.

Koma kupatsa munthu mphoto ndi kutcha mphoto dzina lake ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo apa ndi pomwe munalakwitsa. Kwathu kuno munthu akalakwa n'kulipira mbuzi pabwalo la mfumu timadya naye nsima, pamaliro timakhala naye limodzi, koma sitimatcha dzina lake mjigo womwe mayi amene anamuvulaza uja azikatungapo madzi tsiku ndi tsiku. Mphoto ya Global Impact inalipo kale ndi dzina lake labwinobwino, sabata yomweyo ya 2023 munaipereka kwa Missy Elliott, Lil Wayne ndi Sylvia Rhone pamodzi ndi Dre, panalibe chokukakamizani kuti muisinthe dzina. Munasankha nokha. Ndiye chaka chilichonse mukuchibwereza chisankhocho pamaso pa dziko lonse, mu 2024 Jay-Z anaima pa siteji atanyamula mphoto ya dzina limenelo mwana wake wamkazi ali pambali, mu 2025 munaipereka kwa Alicia Keys, mayi amene usiku womwewo analankhula zolimbikitsa akazi pa ntchito ya nyimbo. Simukuona kuti mukuwaika amayi pamalo ovuta? Akakana aoneka odzikuza, akalandira ndiye kuti anyamula dzinalo m'manja mwawo akumwetulira pa kamera. Mayi Barnes atafunsidwa ndi Rolling Stone patangopita masiku ochepa anayerekeza zomwe munachitazi ndi kutcha mphoto dzina la Ike Turner, woyimba amene ankamenya mkazi wake Tina Turner, ndipo aliyense amene akudziwa zomwe Tina Turner anadutsamo anamva chomwe ankatanthauza.

Zinanso, munachita izi usiku womwe munkakondwerera kuti hip-hop yakwanitsa zaka 50 chiyambire phwando lija la pa 11 August 1973 ku 1520 Sedgwick Avenue ku Bronx, lomwe anakonza ndi mtsikana, Cindy Campbell, mchimwene wake DJ Kool Herc ali pa zimbale. Munadzaza siteji ndi ma rapa a mibadwo yonse, zinali zokoma sindikana, ine ndemwe ndinaonera kangapo. Koma mbiri ya hip-hop si ya oyimba okha. Popanda aulutsi ngati Mr. Magic ndi pulogalamu yake ya Rap Attack ku New York, popanda Ralph McDaniels ndi Video Music Box kuyambira 1983, popanda Fab 5 Freddy, Sway ndi King Tech, Angie Martinez ndi Dee Barnes, nyimbozi zikanathera m'mapaki ndi m'makaseti ogulitsa pamsewu. Inuyo a Grammy munachedwa kufika, gawo la rapu munalitsegula mu 1989 ndipo simunalionetse n'komwe pa kanema mpaka DJ Jazzy Jeff ndi Will Smith amene anawina ananyanyala mwambowo. Aulutsi ndi amene anaisenza nyimboyi inu musanaivomereze.

Ndipo musanene kuti malamulo anu salola kulemekeza muulutsi. Muli ndi Trustees Award yomwe ndi ya anthu amene anathandiza nyimbo mosakhala pa siteji. Dick Clark munampatsa mu 1990, Alan Freed mu 1991, Don Cornelius wa Soul Train mu 2005. Njira ilipo kale, yatsala ndi mtima basi. Komanso bungwe lanu lomwelo mu 2018, mkulu wanu wakale Neil Portnow atalankhula mawu oti akazi ndi amene akuyenera kulimbikira, dziko linakwiya ndipo munakhazikitsa komiti yotsogoleredwa ndi Tina Tchen n'kulonjeza kuti mwasintha. Zaka zisanu zokha n'kuchita izi, tikhulupirire chani ife? Akulu akale anati mlandu suwola, ndipo uwu ukamaoneka ngati wakale n'chifukwa choti amene amaukumbutsa ndi mmodzi yekha ndipo alibe maikolofoni.

Zomwe ndikupempha ndi izi.

1. Bwezerani mphotoyi ku dzina lake lakale la Global Impact Award. Simukusowa kunyoza munthu aliyense pochita zimenezi, ndipo ngati Dre kupepesa kwake kunali kochokera pansi pa mtima, iye mwini akuyenera kukhala woyamba kukuuzani kuti chotsanipo dzina langa. Mukafuna dzina la munthu, a hip-hop oyenera alipo ambiri.

2. Khalani pansi ndi mayi Dee Barnes, inuyo Bambo Mason ndi komiti yanu, osati kutumiza wofalitsa nkhani kuti akawerenge chikalata. Muwafunse chomwe iwo akufuna. Mwina zomwe ine ndikulemba pano si zomwe iwo angasankhe, ndipo pamenepo mawu awo ndi amene apambane anga. Muwaitanenso Michel'le ndi Tairrie B ngati angafune kubwera.

3. Ganizirani mayi Barnes pa Trustees Award chifukwa cha ntchito yawo ya pa KDAY ndi Pump It Up!, ndipo chonde mukamawaitana pa siteji muwatchule ngati muulutsi, mtolankhani komanso rapa, osati ngati munthu amene anamenyedwa ndi wakutiwakuti. Atopa nako kudziwika ndi tsiku limodzi loipa. Ndipo isakhale ya iwo okha, yambani kuika aulutsi a hip-hop pa mndandanda umenewu asanamwalire, Mr. Magic anapita kale mu 2009.

4. Muli ndi Grammy Museum ku Los Angeles. Kambiranani ndi eni matepi a Pump It Up! kuti asungidwe bwino, aikidwe poti ana a sukulu ndi ofufuza angathe kuwaonera, ndipo mwini nkhope ndi mawu omwe ali m'matepimo alandirepo kenakake nthawi iliyonse akagwiritsidwa ntchito. Matepi a nthawi imeneyo amaonongeka, mukachedwa mudzapeza fumbi.

5. Bungwe lanu lothandiza ovutika la MusiCares, lomwe munalikhazikitsa mu 1989, lilengeze poyera m'mawu osavuta mmene ma DJ ndi aulutsi a pa wailesi ndi pa kanema angapezere thandizo la lendi ndi la kuchipatala, ndipo liziwafunafuna lokha akuluakulu amenewa osadikira kuti afike popempha pa intaneti. Kool Herc amene, tate wa hip-hop, mu 2011 anadwala alibe inshulansi ya kuchipatala anthu n'kuchita kumusonkhera. Munampatsa Trustees Award mu 2024, munachita bwino, koma chikho sichilipira dokotala.

6. Lembani lamulo loti musanatche mphoto iliyonse dzina la munthu wamoyo, muzifufuza kaye mbiri yake ya kukhothi ndi kumva maganizo a amayi omwe ndi mamembala anu, ndipo mutiuze poyera amene anavomereza chisankho cha 2023 ndi zifukwa zawo.

Kwa inu anzanga amene mukuwerenga kalatayi, makamaka atsikana amene muli pa mawailesi ndi pa makanema mukufunsa mafunso oyimba otchuka, itumizeni kwa anzanu, amene akutha Chingerezi aimasulire aitumize kwa eni akewo pa X ndi pa Instagram. Ndipo mabwana a mawailesi athu musaseke a ku America, dzifunseni kuti muulutsi wanu ataopsezedwa ndi woyimba amene amakubweretserani otsatsa malonda, mungaime mbali iti.

Bambo Mason, mwambo wa Grammy umachitika kumayambiriro kwa chaka chilichonse, ndiye nthawi yoti muyankhe mfundo yoyamba ndi yachiwiri muli nayo usanafike wotsatirawu. Ndidzakhala maso usiku wonse poti kuno umatipeza m'bandakucha, kudikira kumva dzina lomwe mudzaitanire mphotoyo.

Ndatha ine wanu,
Wokonda hip-hop wa ku Blantyre